Ndani Anyamula Nkhani ya Wodwala Mpaka ku Theatre?

M'banja mukamveka kuti amai, ambuya kapena amalume afunika opaleshoni, nchito yowaperekeza imagwera ife achinyamata. Sipachitika msonkhano wotisankha. Ndife tili ndi foni yokhala ndi ma bundle, ndife timamvako Chizungu cha adokotala, ndife tingaime pa laini kuyambira 05 hours miyendo osadandaula. Ena a ife tikali kufuna nchito, ndiye akulu amangoti, "Iwe ungokhala panyumba, uwaperekeze." Timatenga pulasitiki ya mapepala, botolo la madzi ndi chitenje, n'kuyamba ulendo umene palibe anatiphunzitsapo.

Ulendo wake ndi wautali kuposa mmene timaganizira. Mu Lusaka munthu sayambira ku UTH. Amayamba pa kiliniki ya m'komboni, pamene clinical officer amamupima n'kulemba kalata ya referral. Kalatayo imamufikitsa ku chipatala cha level one, monga Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama kapena cha ku komboni ya Chipata, zija zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan kuti UTH ipumeko. Maopaleshoni ena amachitikira komweko. Matenda akakhala aakulu, pamalembedwa kalata ina ya ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Wochokera kum'mawa angayambe adutsa pa St Francis ku Katete kapena pa Chipata Central, kenako n'kukwera basi ya makilomita 500 kapena kuposa, n'kutsikira pa Intercity, pamene ife tamuyembekeza.

Kufika pachipatala chachikulu sikuti zatha. Pali chipinda cha dokotala wa opaleshoni, pali lab, pali X-ray kapena scan, pali ofesi yolembetsa tsiku, pali wodi, pali anaesthetist, uja wogonetsa munthu, ndiyeno chitseko cha theatre. Pa chitseko chilichonse pali munthu watsopano. Nesi amene anatilandira m'mawa waweruka, wabwera wa masana, usiku kudzabwera wina. Dokotala amene anati "tidzachita opaleshoni" mwina si amene adzagwira mpeni. Aliyense wa anthu amenewa amadziwa nchito yake, ndipo ambiri amaigwira ndi mtima wonse. Koma aliyense amaona kachigawo kake chabe. Amene amayenda njira yonse, kuyambira pa kiliniki mpaka pa chitseko chomaliza, ndi anthu awiri: wodwala, amene ali ndi ululu ndi mantha, ndi ife omuperekeza. Nkhani ya wodwala, kutanthauza matenda ake akale, mankhwala amene akumwa, zimene lab inapeza ndi zimene dokotala woyamba ananena, imayenda m'manja mwathu ndi m'mutu mwathu. Maganizo athu pa blog ino ndi akuti katundu ameneyu ndi wolemera kwambiri kuti azisiyidwa kwa banja lokha, komanso kuti pamene akali m'manja mwathu tiyenera kuleka kumunyamula mwamasewera.

Tiyambe ndi mankhwala, chifukwa ndi pamene zinthu zambiri zimasokonekera mwakachetechete. Funso limene amafunsa pa wodi ndi lalifupi: "Pali mankhwala amene mumamwa?" Ambuya amayankha kuti, "Tumapilisi toyera tuja twa m'mawa." Ife tikafunsidwa timayang'ana pansi. Tumapilisi toyera tungakhale twa BP, twa shuga, kapena twa kuchepetsa kugwirana kwa magazi, ndipo tonseti timafuna malangizo osiyana. Munthu amene amamwa warfarin nthawi zambiri amauzidwa kuisiya masiku asanu opaleshoni isanafike, apo ayi magazi sadzaleka kutuluka. Wa shuga amene wamwa mapilisi ake kapena wabaya insulin, kenako n'kukhala osadya kuyembekeza theatre, shuga yake ingatsike mpaka kukomoka. Wa BP, mosiyana ndi amenewa, akasiya yekha mankhwala onse poganiza kuti "musadye kanthu" ikuphatikiza mapilisi, angafike m'mawa wa opaleshoni BP ili m'mwamba, dzina lake n'kuchotsedwa pa list. Mankhwala a khunyu ndi ma ARV sayenera kudumphidwa popanda dokotala kunena. Palibe lamulo limodzi la mapilisi onse, ndipo si ife oyenera kusankha. Mbali yathu ndi kuonetsetsa kuti wosankhayo waona zonse. Njira yake ndi yosavuta: mapaketi onse, ngakhale otsala pang'ono kutha, alowe m'chikwama, akaikidwe pa tebulo la dokotala.

Pali mankhwala ena amene sabwera m'paketi. M'nyumba zambiri, munthu akamayembekeza opaleshoni miyezi iwiri kapena itatu, achibale sakhala manja lende. Azakhali amabweretsa mizu yochokera kumudzi, a neba amabweretsa botolo la ku Soweto Market lolembedwa kuti limachiritsa matenda 20, wina amabweretsa ma supplement amene amagulitsa pa Facebook. Sitikuseka munthu, pakuti amene akumva ululu amayesa chilichonse. Vuto ndi lakuti tikafika kuchipatala timabisa, kuopa kukalipiridwa. Zina mwa zinthu zimenezi zimapangitsa magazi kutuluka kwambiri, zina zimalemetsa chiwindi ndi impso, zina zimasokoneza mankhwala ogonetsa, ndipo n'chifukwa chake ogonetsa ambiri amalangiza kuzisiya masabata awiri tsiku lisanafike. Nesi angakwinye nkhope mphindi imodzi, koma wogonetsa akadziwa amakonzekera. Chimodzimodzi mowa ndi fodya. Amalume amene amamwa tsiku lililonse akauza dokotala kuti "pang'ono chabe pa weekend", thupi lawo lidzaulula lokha pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu m'wodi, pamene ayamba kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu.

Nkhani ya ma ARV ifunika kuima payokha. M'mabanja ambiri muli munthu amene akumwa mankhwala amenewa ana ake osadziwa. Ndi ufulu wake. Koma tikakhala ife pambali pa bedi nthawi yonse, kuyankha funso lililonse m'malo mwake, timamutsekera mpata wouza dokotala zoona. Woperekeza wanzeru amadziwa nthawi yotuluka. "Amai, ndipita ndikagule madzi, kambani ndi adokotala." Mphindi zisanu zimenezo zingakhale zofunika kuposa zonse zimene tachita tsikulo. Ndipo zimene tamva kapena kuwerenga pa fayilo si za pa WhatsApp group ya banja. Gulu lija lili ndi anthu 40, ena a iwo sitinawaonepo kuyambira pa ukwati wa 2015.

Ndiye pali lamulo la kusadya. Aliyense analimvapo, koma ochepa anauzidwa chifukwa chake, ndipo lamulo lopanda chifukwa limagonja msanga pamaso pa chifundo. Munthu akagonetsedwa, thupi limaleka kudziteteza mmene limachitira tikatsamwa. Ngati m'mimba muli chakudya, chingakwere n'kulowa m'mapapo, ndipo zimenezo zimapha. Malangizo ofala padziko ndi akuti chakudya chisiyidwe maola 6 opaleshoni isanayambe, madzi oyera okha maola 2, ngakhale zipatala zambiri zimangoti kuyambira pakati pa usiku musalawe kanthu, ndipo tiyenera kutsatira zimene atiuza pamalopo. Manje taonani mmene zimachitikira. Malangizo anapatsidwa kwa ife Lachiwiri madzulo. Usiku tapita kunyumba kukagona, pabedi patsala amai aang'ono amene sanamve. M'mawa wodwala akudandaula njala, iwo akutsegula maheu: "Imwani pang'ono, si chakudya ichi." Maheu ndi chakudya. Tiyi wa mkaka ndi chakudya, phala lamadzimadzi ndi chakudya. Akaulula, opaleshoni ikankhidwa, mwina mpaka sabata ina. Akabisa, ngozi imalowa naye m'theatre. Palibe amene anali ndi mtima woipa. Uthenga unangofera panjira pakati pa bedsider wa masana ndi wa usiku.

Manesi ali ndi mwambo umene ife tiyenera kubera. Shift ikamatha, sangonyamula chikwama n'kupita. Amayenda bedi ndi bedi ndi amene akulowa, kuuzana kuti uyu wapatsidwa chiyani, akuyembekeza chiyani, chofunika kuyang'anira n'chiyani. Amatcha handover. Ife mabanja timasinthana pa geti, wina akuthamangira minibasi: "Ali bwino, wagona, ndapita." Kabuku kamodzi ka K10 kangasinthe zimenezi. Mulembedwe tsiku, dzina kapena udindo wa amene wakamba nafe, zimene wanena, mapepala amene taperekedwa ndi amene tikuyembekeza. Kabukuko kazikhala ndi wodwala, osati m'chikwama cha amene wapita ku Kafue. Mapepala onse tiziwajambula pa foni tisanawapereke, chifukwa pepala la ma results likasowa ndiye kuti magazi atengedwanso, tiyembekezenso, mwina tilipirenso ku lab ya private. Ndipo pakhale munthu mmodzi m'banja amene adziwa nkhani yonse. Tikudziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndalama ndi kugona pachipatala tigawane ndithu. Koma nkhani ikagawidwa m'mitu isanu, dokotala amamva nkhani zisanu.

Ma results nawo ali ndi nthawi yake. Magazi amene anapimidwa mu March sanena za thupi la mu July. Tikapatsidwa tsiku la opaleshoni lakutali, funso loyenera kufunsa pomwepo ndi lakuti ndi ma test ati adzafunika atsopano, ndipo tiwachite liti. Funso lina ndi la kuchuluka kwa magazi, kumene amalemba kuti Hb. Amai ambiri oyembekeza opaleshoni ya ma fibroid amakhala atataya magazi kwa miyezi, Hb yatsika. Zimenezo zikadziwika sabata zisanu ndi chimodzi tsiku lisanafike, pali nthawi yomwa mapilisi owonjezera magazi. Zikadziwika usiku womaliza, chotsala ndi kufuna magazi a ku bank kapena kubwerera kunyumba.

Magazi a ku bank ndi nkhani yathu mwachindunji. Sagulidwa mu shopu, amachokera m'mikono ya anthu. Bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana a sukulu ndi a m'makoleji, ndipo masukulu akatsekera magazi amachepa. Magazi operekedwa lero sapita kwa wodwala lero lomwe, ayamba apimidwa HIV, hepatitis B ndi C ndi chindoko. Choncho kusonkhanitsa ma cousin m'mawa wa opaleshoni n'kuchedwa. Magazi akachepa, oyamba kupatsidwa ndi amai amene akutaya magazi pobereka ndi anthu a ngozi za pamsewu, ndipo n'zoyenera. Wa hernia kapena wa goitre amayembekeza. Ife a zaka 20 ndi 30 amene timadandaula kuti ambuya abwezedwa kawiri, tidzifunse kuti tinapereka liti magazi pasanakhale wodwala m'banja.

Kusaina fomu ya chilolezo ndi chitseko china pamene ulendo umaima. Munthu wamkulu amene mutu wake ukugwira bwino amasaina yekha. Koma kwathu opaleshoni ndi nkhani ya banja, ndipo nthawi zambiri wodwala amati sangasaine amuna ake asanabwere, kapena amalume a ku Nyimba asanavomereze. Sititsutsa kufunsana. Chimene tikutsutsa ndi kuyamba kufunsanako pamene trolley yafika kale pa bedi. Makambirano amenewo achitike sabata imene tapatsidwa tsiku. Komanso tisamasulire mwachidule. Dokotala akakamba mphindi zitatu m'Chizungu, ife n'kutembenukira kwa amai kuti, "Akuti adzakuchitani opaleshoni chabe, sainani apa," tawabera. Mwina m'mphindi zitatu zija munali mawu akuti chiberekero chingachotsedwe, kapena kuti adzauka ndi thumba pamimba. Thupi ndi lawo. Ngati mawu ena atikanika, tinene kuti atikanika, tipemphe nesi wodziwa Chinyanja afotokoze. Safunsa anadya phula.

Ena adzati zonsezi n'zazing'ono, chimene chimapha anthu ndi kusowa kwa madokotala, makina ndi mankhwala. Kusowako kulipo, sitikana. Koma kuuzana bwino kunapimidwapo kale ndipo kunaoneka mphamvu yake. Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa pepala la mafunso 19 oti gulu la opaleshoni lizifunsana mokweza katatu: wodwala asanagonetsedwe, mpeni usanakhudze khungu, ndi wodwala asanatuluke m'theatre. Mafunso ake ndi wamba. Kodi uyu ndi ndani? Tikuchita opaleshoni yanji, mbali iti? Pali mankhwala amene thupi lake limakana? Angataye magazi ochuluka bwanji, ndipo takonzekera? Kafukufuku amene anatsogoleredwa ndi Atul Gawande ndi anzake, wofalitsidwa mu 2009, anayesa pepalali m'zipatala 8 za m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo cha ku Ifakara ku Tanzania. Imfa zinatsika kuchoka pa 1.5 peresenti kufika pa 0.8 peresenti. Sanagule makina atsopano. Anthu anangoyamba kuuzana zimene aliyense ankaganiza kuti mnzake adziwa kale.

Dziko lathu si mlendo pa nkhani zimenezi. Mu 2015, pa msonkhano waukulu wa WHO ku Geneva, Zambia inatsogolera chigamulo chotchedwa WHA 68.15, chonena kuti opaleshoni ndi kugonetsa odwala ndi mbali ya chithandizo chimene munthu aliyense ayenera kupeza, ndipo Dr Emmanuel Makasa ndi amene anali patsogolo pa makambiranowo. Mu 2017 tinakhala ndi pulani ya dziko lonse ya opaleshoni, uchembere ndi kugonetsa odwala, ya zaka za 2017 mpaka 2021, pamene maiko ambiri anali asanayambe n'komwe. N'zonyaditsa. Koma pepala la WHO lija limayamba kugwira nchito pa chitseko cha theatre. Masabata ndi miyezi ya m'mbuyo mwake, kuyambira pa kalata ya referral, ilibe mwini wake weniweni.

Tili ndi SmartCare, njira yosunga mbiri ya odwala pa kompyuta imene inayamba ndi chithandizo cha HIV n'kufalikira ku matenda ena. Cholinga chake n'chimene tikufunachi, kuti nkhani ya munthu izimutsogolera kulikonse kumene wapita. Koma kompyuta imafuna malaiti ndi netiweki, ndipo amene anakhala mu Lusaka mu 2024 adziwa mmene malaiti anavutira. Scan imene tinachitira ku private, mapilisi amene tinagula pa chemist ndi mizu ya azakhali sizilowa zokha m'kompyuta. Tili ndi NHIMA, imene ogwira nchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro awo ndipo abwana amaikapo 1 peresenti ina. Nayonso ndi chitseko: ngati dzina la wodwala silinalembetsedwe bwino kapena zopereka zatsalira, ndi bwino kudziwa lero kusiyana ndi tsiku logonekedwa m'wodi.

Chimene tikupempha kwa oyendetsa zipatala si nyumba zatsopano. Munthu akalembedwa pa list ya opaleshoni, apatsidwe pepala limodzi, m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga kapena chilankhulo chimene amamva, lonena tsiku, ma test ofunika ndi nthawi yake, mankhwala oti apitirize ndi oti asiye, ola losiya kudya ndi chifukwa chake. Pansi pake pakhale nambala ya foni imene munthu amayankha. Pakhale nesi mmodzi amene nchito yake ndi kuyang'ana list ya sabata yamawa n'kuimbira odwala: ma results alipo? BP ili bwanji? Muli ndi chifuwa kapena malungo? Ndipo ngati zadziwika kuti opaleshoni sichitika, uthenga upite munthu asanakwere basi ku Lundazi. Makampani a foni amatitumizira ma SMS asanu pa tsiku otiuza za ma promotion. Uthenga umodzi wakuti "musabwere Lachinayi, bwerani pa 14" sungakanike dziko.

Tikudziwa yankho lake: manesi ndi ochepa kale, mmodzi akuyang'anira wodi yodzala, ndiye tichotsenso wina akakhale pa foni? Funsoli ndi loona ndipo sitilipeputsa. Koma tiwerengenso mbali inayo. Opaleshoni ikalephereka m'mawa chifukwa pepala lasowa kapena wodwala wamwa maheu, theatre imakhala yopanda munthu pa ola limene wina akanathandizidwa. Bedi lagonedwa usiku umodzi kapena uwiri pachabe. Ma test adzabwerezedwa. Banja lataya ndalama za transport, woperekeza wataya masiku a nchito kapena a kukoleji, ndipo wodwala wakhala ndi njala kuyambira usiku mpaka 14 hours kuti angouzidwa kuti adye, ayesanso sabata yamawa. Ena akabwezedwa kawiri sabweranso. Amabwerera kumudzi, ndipo hernia imene ikanakonzedwa mu ola limodzi imadzabwera pakati pa usiku matumbo atapotana. Pamenepo ndi manesi omwewo amene adzathamanga. Nkhani ngati iyi ndi yoyenera kuikamba m'ma Neighbourhood Health Committee a m'makomboni mwathu, amene ambiri a ife timawasiyira amai achikulire ngati kuti ife sitidwala.

Pali chinthu china chimene chimatikanika ife achinyamata, ndipo ndi ulemu womwe tinaphunzitsidwa. Timaopa kufunsa dokotala kawiri, timaopa kuoneka ngati tikumuphunzitsa nchito. Ena amapita mbali ina, kufika pa wodi ndi ukali ndi kamera ya foni, kuopseza kuti aika pa TikTok, ndipo zimenezo zimangotseka pakamwa pa aliyense. Pakati pa ziwirizi pali njira. "Pepani a sista, ndifuna nditsimikize ngati ndamva bwino: mapilisi a BP amwe m'mawa ndi madzi pang'ono, a shuga asamwe. Ndi tero?" Kubwereza zimene tamva kumatenga masekondi khumi, ndipo ngati tinamva molakwa zimaonekera pomwepo. Wogonetsa akabwera pa bedi madzulo, ndiyo nthawi yonena zonse zimene palibe anafunsa: kuti atate amakosomola usiku, kuti ali ndi mano oikirira, kuti penicillin anawatupitsa nkhope kalekale, kuti m'banja muli sickle cell, kuti mlongo wawo anavutika kuuka atagonetsedwa.

M'mawa wa tsikulo adzafunsanso dzina, adzafunsanso kuti opaleshoni ndi ya chiyani ndi mbali iti, mwina katatu, anthu osiyanasiyana. Tisatope nawo, ndipo tisayankhe m'malo mwa wodwala ngati angathe kuyankha yekha. Ngati ndi bondo, diso, bere kapena hernia ya mbali imodzi, tiyang'ane ngati aika chizindikiro pa mbali yoyenera. Ngati pepala likuti kumanzere pamene ife takhala miyezi itatu tikuona amai akugwira kumanja, tinene pomwepo, trolley isanayambe kuyenda.